Mutu wa Makina Paphewa la a Jailosi

Madzulo aliwonse, anthu ogula akayamba kuchepa pamsika wa Zingwangwa, a Jailosi Mulipa ankachotsa lamba pa makina awo osokera n'kumasula mutu wa makinawo. Ankatsitsira singano pakansanza kuti isagwedezeke panjira, kenako n'kukulunga mutuwo m'chitenje chakale cha akazi awo. Akamanga mfundo, ankaunyamula ndi manja onse awiri n'kuukhazika paphewa lamanzere. Miyendo yachitsulo ya makinawo inkatsala pakhonde la golosale, yomangidwa tcheni kumzati. Mutu wokhawo ndiwo unkakwera nawo phiri kukagona kunyumba, ku Manje.

Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa. Anabadwira m'minda ya tiyi ku Mulanje, kwa makolo ochokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndipo kusoka anaphunzira kwa amalume awo, amene pomwalira anawasiyira makina amenewa. Phewa lamanzere lija linachita kutsika nako kunyamula. Ngakhale Lamulungu, akamapita kutchalitchi chimanjamanja, ankayenda chopendekeka ngati katundu akadali pompo.

Eni golosale, a Abdula, anakana kalekale kuwasungira mutuwo m'kati. Anati, "Akuba akathyola muno n'kutenga sopo ndi shuga, ndilira ndekha. Koma makina a eni ake, ayi. Ndingadzakuuzeni chiyani ine, a telala?"

Matipate atabwera, anthu anayamba kulankhula zandale mokweza m'maminibasi, koma njira zachidule zinayamba kuopsa. Ntchito yausoki nayonso inaonda chifukwa cha kaunjika. A Jailosi anatsala ndi kuchepetsa mathalauza a azungu, kusoka nsalu za zipani, ndi mayunifolomu a makwaya. Zinali zochepa, komabe akazi awo a Salome ndi mwana wawo Esther sankagona ndi njala, ndipo nyumba ya lendi inalipo.

Ndiye kunachitika za a Onesimo. Amenewa anali telala mnzawo wa pakhonde loyandikana, wokhala ku Chilobwe. Tsiku lina akuweruka anakumana ndi anyamata a zikwanje. Iwo anangopereka mutu wa makina osalimbana nawo, ndipo sanakhudzidwe ngakhale pachala. Anthu anati achita mwayi. Koma a Jailosi anaona mwayiwo ndi maso awo. Anaona a Onesimo atakhala pansi pafupi ndi ogulitsa makala, akusoka matumba ong'ambika ndi singano yapamanja. Anaona ana awo atayamba kutola nyemba zotayika pamsika. Mvula isanagwe, banja lonse linakwera lole kubwerera kumudzi, ndipo pakhonde paja panakhala wogulitsa mabatire.

Kuyambira pamenepo a Jailosi chakudya chinasiya kuwakomera.

"Bambo a Esther, bwanji muziweruka dzuwa lili pamwamba?" anatero a Salome tsiku lina akuwathirira madzi m'manja.

"Anthu amadzatenga zovala zawo akaweruka kuntchito. Ndikachoka masana ndizisokera ndani, nkhuku?"

"Ndiye muzizungulira kumsewu."

"Kumsewu ndi chitsulo chimenechi? Tachinyamulani kaye inu mufike nacho pampopi pokha."

A Jailosi anayang'ana manja awo ali m'beseni, n'kunena chapansipansi kuti iwo sadzakhala ngati a Onesimo. Makina a amalume awo sadzawapereka kwa mwana wa munthu ngati akupereka fodya.

Kuseli kwa botolo sitolo ina ku Zingwangwa kunali a Majidi, mkulu amene kale ankamenya nkhonya m'mabwalo. Mphuno yawo inali yophwatalala, khutu limodzi lopindika. Anapachika thumba la mchenga pamtengo wa mango, ndipo madzulo ankaphunzitsa aliyense wobwera. A Jailosi anafika kumeneko ndi katundu wawo paphewa.

"Mwabwera kudzandiyesa thalauza, a telala?"

"Ndabwera kudzaphunzira nkhonya."

A Majidi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma sanaseke. Anawakulunga nsanza m'manja n'kuwalozera thumba lija. A Jailosi analimenya ndi mtima wonse, ngati thumbalo ndi lomwe linalanda a Onesimo. M'mawa mwake zala zinadzuka zitatupa ngati chinangwa. Ulusi unakana kulowa m'singano. Sizasi inkawagwa m'manja. Mayi wina wa diresi laukwati anabwera, n'kubwerera, n'kubweranso, kenako anawatukwana pamaso pa anthu. Iwo anapirira, n'kupitanso kuthumba kuja, ndipo zala zinatupanso.

A Majidi anawagwira dzanja n'kulitembenuza. "Manja awa ndi odyera, achimwene. Tikawasandutsa miyala, singano muziigwira ndi mano? Tandiuzani zoona, mukufuna kumenya ndani?"

A Jailosi anafotokoza za njira ya ku Manje, za kamtsinje kamene amawoloka, ndi za a Onesimo.

"Ine ndagwetsapo amuna aatali ngati chitseko," anatero a Majidi, "koma ndikaona chikwanje ndimathawa ngati kamwana. Chikwanje sichimva nkhonya. Akakuimikani, aponyereni chitsulo chanucho kumiyendo, inu liwiro. Phunziro langa ndi limeneli, ndipo ndakupatsani ulere."

"Kuponya makina?"

"Kuponya."

"Inu mungaponye mwana wanu?"

"Mwana wanga si wachitsulo, a telala."

A Jailosi anamasula nsanza zija m'manja, n'kuzipinda bwinobwino monga mwa chizolowezi cha telala, n'kuzisiya pamwala. Kwa a Majidi sanabwererenso. Mumtima ankati mkuluyo wakalamba ndipo mantha amulowa. Munthu wabwera kudzafunsa njira yosungira makina, iye akumuphunzitsa kuwataya.

Masiku amenewo tinyumba ta vidiyo tinali titadzaza m'mataunishipi, ndipo anyamata ankatulukamo akukankha mphepo ndi miyendo. Tsiku lina pakhonde panafika mnyamata waulemu, kalaliki wa pakampani ina ku Limbe, dzina lake Howard. Anabwera ndi mulu wa matumba oyera a ufa wa buledi, kuti amusokere zovala za karate za ophunzira ake. A Jailosi akumuyesa m'mapewa, anayamba kufunsa mafunso. Howard anati karate siphwanya zala ngati nkhonya, chifukwa munthu amamenyanso ndi chikhato ndiponso ndi mwendo.

"Ndipo inu, madala, miyendo muli nayo kale. Si mumapalasa makina tsiku lonse?"

Mawu amenewo anawalowa a Jailosi mpaka m'mafupa. Chibadwire chawo panalibe amene anawauzapo kuti pathupi pawo pali chinthu champhamvu.

Howard ankaphunzitsira m'kalasi ina ya sukulu ku Nkolokosa, ana akaweruka. Ankakankhira mabenchi kukhoma. A Jailosi ankafika kuchokera kukhonde, n'kuyala thumba pakona, n'kukhazikapo mutu wa makina pang'onopang'ono. Kenako ankavula nsapato, n'kuwerama pakhomo monga ankachitira onse, n'kulowa pamzere pakati pa anyamata oti akanatha kukhala ana awo. Poyamba anyamatawo ankawatcha agogo. Mwezi usanathe anasiya, chifukwa mwendo wa a Jailosi ukafika pamimba pa munthu, munthuyo ankakhala pansi kaye kufunafuna mpweya.

Kunyumba ankadzuka m'mamawa kukachita masewerawo kuseli, pafupi ndi thandala la mbale. Esther ankawatsanzira atavala kabudula yekha, n'kumagwa chagada, akuseka. A Salome ankasesa pabwalo osayang'ana kumeneko.

"Kutchalitchi akudziwa kuti mkulu wa kwaya akukuwa ngati wagwidwa ndi mizimu?"

"Kukuwako kumabalalitsa mdani, mayi a Esther. Kumamuchotsa mtima."

"Kwachotsa mtima nkhuku za eni nyumba. Zasiya kuikira."

A Jailosi anaseka. Inali nthawi yaitali asanasekepo choncho, ndipo a Salome, ngakhale nkhaniyi sinkawasangalatsa, anawasiya.

Howard sanali munthu wabodza. Za chikwanje ankanena poyera kuti n'zoopsa, ndipo ngati njira yothawira ilipo, munthu athawe. Koma ngati palibe, ankawaphunzitsa kukuwa mwamphamvu, kulowa m'kati msanga mkono wa mdani usanatsike, n'kumenya bondo. Chikwanje chawo chophunzirira chinali chodula pakatoni. A Jailosi anachilanda kambirimbiri mpaka chinafewa ngati chigamba.

Tsiku lina anadikira kuti anyamata atuluke, n'kufunsa funso limene linkawasowetsa mtendere.

"Aphunzitsi, zonsezi tikuchita manja ali opanda kanthu. Nanga ine panjira paja ndimakhala ndi uyo." Analoza pakona.

Howard anakanda kumutu. Anakaunyamula mutu wa makina uja kuti amve kulemera kwake, n'kuubwezera.

"Ndi ameneyu paphewa simungakweze mwendo. Muyenera kumugwetsa, madala. Osamuika, kumugwetsa. Mukangopendeketsa phewa, iye pansi, inu m'kati. Mukathana nawo mudzamutola."

A Jailosi anaona kuti izi zikusiyana ndi za a Majidi. Uku si kutaya, n'kusiya kaye pang'ono. Anakatola mwala waukulu kuseli kwa zimbudzi za sukulu, wolemera ngati mutuwo, n'kuukulunga m'chiguduli. Ankayenda nawo paphewa m'bwalo la mpira, Howard n'kutulukira ndi katoni ija. A Jailosi ankakuwa, kupendeketsa phewa, mwala pansi di, iwo ali kale pabondo la Howard. Anabwereza mpaka udzu wa pamalopo unafa. Howard anati mwa ophunzira ake onse panalibe wachangu ngati iwo pa chimenechi. Nthawi yonseyo mutu weniweni unali m'kalasi, pathumba lake pakona.

Kale a Jailosi ankati akafika pamphambano ya ku Manje, ankaima kudikira amayi ochokera kuchigayo kapena amuna ochokera ku Limbe, kuti awolokere limodzi kamtsinje kaja. Tsopano anasiya kudikira. Ankati kudikira kumawazizira msana. A Salome atamva kwa amayi anzawo, anawafunsa.

"Ine ndinakwatiwa ndi telala, sindinakwatiwe ndi msilikali."

"Telalayo ndi amene akufuna kuti mukhalebe m'tauni muno."

Munali mu Juni, chaka cha 1996, tsiku la chiperoni. Kuyambira m'mawa kunali nkhungu ndi kamvula kowaza, moti phiri la Soche silinaoneke tsiku lonse. A Jailosi anamaliza mayunifolomu a kwaya ina, eni ake n'kudzatenga, ndipo anaweruka nthawi yawo yamasiku onse. Koma chifukwa cha nkhungu kunja kunali kutayamba kale kuchita chizirezire. Pamphambano panalibe munthu. Anatsetsereka m'njira ya m'mapesi ouma, chitenje chija chikunyowa paphewa.

Atangowoloka kamtsinje, m'mapesi munatuluka anyamata awiri. Wamtali anali ndi chikwanje. Wamfupi anaima chakumbali, manja m'thumba. A Jailosi anaona kuti thalauza la wamtaliyo linali lakaunjika, lopindidwa m'munsi ndi mapini.

"Madala, tsitsani katunduyo."

Mantha sanawagwire. Iwo eni anadabwa nazo. Anayeza ndi maso mtunda wa pakati pawo ndi bondo la mnyamatayo, ndipo unali womwe uja wa m'bwalo la mpira. Anaponda bwino, anakoka mpweya, n'kukuwa monga anaphunzirira. Mnyamata wamfupi anabwerera m'mbuyo. Wamtali anadzidzimuka, n'kukweza chikwanje m'mwamba. Panatsala kupendeketsa phewa basi.

Apo ndi pamene a Jailosi anayang'ana pansi. Panali miyala yokhayokha, yonyowa, yosongoka. Chimene chinali paphewa pawo sichinali mwala wa kuseli kwa zimbudzi. Pansi pa chikhato chawo ankamva gudumu la makina, ndipo ankadziwa kuti chitsulo cha mtundu umenewo sichipindika, chimasweka ngati mbale. Phewa linakana. Manja onse awiri anapita okha kukagwira mutuwo, monga ankachitira madzulo aliwonse pakona ya kalasi ndi pambali pa mphasa kunyumba.

"Dikirani kaye," anatero.

Anawerama, akufunafuna pamene panali kaudzu.

Mnyamata uja anali atamva kale kukuwa kuja, ndipo anadziwa kuti munthuyu akangodzuka amenya. Chikwanje chinatsikira pakati pa khosi ndi phewa lamanja. A Jailosi anakweza dzanja, ndipo chikwanje chitatsikanso kachiwiri chinapeza dzanjalo. Anagwa chammbali, tsaya pamiyala, ndipo anaona mutu wa makina uli chilili paudzu, wosapendekeka ngakhale pang'ono. Kenako anaona manja a wamfupi uja akuunyamula.

Anawapeza ndi amayi ochokera kuchigayo, omwe aja ankawadikira kale. Anawatengera pawilibala mpaka kumsewu, ndipo galimoto ya munthu wina wachifundo inawafikitsa kuchipatala chachikulu. Madokotala anasoka zimene akanatha kusoka. Zala ziwiri zinatsala kumtsinje, ndipo zotsalazo sizinkamva kanthu akazitsina. A Salome anasiya Esther kwa anansi, n'kumagona pakhonde la chipatala pamodzi ndi amayi ena odikira odwala.

Howard anabwera ndi nthochi m'pepala. Anaima kumapazi kwa bedi, osadziwa poika maso.

"Madala, ine ndi amene ndinakupusitsani."

"Ayi, aphunzitsi. Kukuwa kuja kunagwira ntchito. Mukanamuona wamfupi uja mmene anabwerera." Anapuma kaye, chifukwa kulankhula kunkakoka bala la pakhosi. "Ndipo mwala uja ndinkaugwetsa bwino, eti?"

"Munkaugwetsa bwino."

"Basi. Mukadzapeza telala wina, muzidzamugwetsetsa makina enieni. Muone ngati adzabwerenso mawa lake."

Howard anayesa kuseka, koma zinakanika. Anasiya nthochi zija pakabati n'kutuluka.

Masiku oyamba zinkaoneka ngati achira. Kenako bala la paphewa linayamba kutentha ndi kununkha, thupi lonse n'kumanjenjemera ngakhale atawafunditsa mabulangete awiri. Masana akatsitsimuka ankayang'ana dzanja lokulungidwa lija lili pachifuwa pawo ngati la munthu wina. A Salome ankawabisira nkhani zakunja, koma iwo anafunsa okha.

"A Abdula anena chiyani za pakhonde?"

A Salome anayang'ana pansi. "Akuti pali wina akufuna malowo. Akuti tikachotse miyendo ya makina ija mukachira."

"Musadikire zimenezo. Mukaigulitse, ikuthandizeni ulendo. Mukafika kumudzi mukayambe kwa alongo anga, ndi amene ali ndi munda waukulu."

"Musalankhule choncho, bambo a Esther."

"A Onesimo anapita ndi manja awo onse. Ine ndinkawamvera chisoni."

A Salome anatenga kapu n'kutuluka ngati akukatunga madzi, ngakhale m'kapumo munali modzaza.

A Majidi anabwera Lachiwiri masana, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa. Sanakumbutse zimene ananena pansi pa mtengo wa mango. Anakhala pamphepete pa bedi, n'kuika chikhato chawo chachikulu paphazi la wodwalayo.

"A telala, anyamata a m'tauni muno ambiri anadutsa pathumba langa. Ndawatuma. Ku Ndirande, ku Limbe, ku Bangwe, paliponse pamene pamagulitsidwa makina akufunsa. Tikampeza amene ali nawo, aona."

A Jailosi anapukusa mutu pang'ono papilo. Anati makina akuba sachedwa, amawapala nambala n'kuwapaka utoto wina, ndipo pofika lero ali kale pakhonde lina, mwina ku Thyolo, mwina ku Zomba. Anati ngakhale atapezeka, awapalasa ndani, nsalu aigwira ndi chiyani. Amene wagulayo ndi telala ngati iwo, ali ndi ana akenso.

Tsiku lotsatira a Jailosi sanalankhulenso, ndipo sabata isanathe anthu a kwaya yawo anawaperekeza ku Mulanje pa lole, a Salome ndi Esther atakhala pambali pa bokosi pamodzi ndi mitolo ya ziwiya zawo zonse. Choncho chinthu chomaliza chimene a Jailosi anapempha kwa munthu ndi chimene anauza a Majidi masana amenewo, a Majidiwo ataweramira pafupi kuti amve.

"Mukadzamva amene wagula, musakamumenye. Mukangomuuza kuti gudumu lake ndi lokalamba, aziliyambitsa ndi dzanja, asamalikakamize ndi phazi. Ndipo mafuta ophikira asamathiremo. Mukamuuze zimenezo, a Majidi."